Mfuti ya Zipolopolo Zazifupi

Mfutiyo siinali yathu. M'zaka zino za Chitaganya munthu wakuda sapatsidwa wamba chilolezo chosunga mfuti yotere. Mwini wake anali Mmwenye wa sitolo imene amuna anga ankagwirako ntchito yoyendetsa lole. Ife tinkakhala kuseri kwa masitolowo, kufupi ndi msika wa Lilongwe, m'nyumba ya zidina ya zipinda ziwiri. Mwana wanga woyamba anali asanayambe kukwawa.

Inali mfuti yaifupi, ya mtengo wodetsedwa ndi manja. Pansi pake panali chitsulo cholowetsamo zala, ukachikankha ndi kuchibweza chipolopolo chimalowa chokha. Zipolopolo zake zinali zazifupi ndi zonenepa, ngati kumapeto kwa chala chachikulu. Zinali zomwe zija zimene zinkalowa m'kamfuti ka m'manja kamene bwanayo ankasunga pansi pa kauntala kuopa akuba. Anagula zonse ziwiri kwa Mzungu wina wa fodya amene ankabwerera kwawo, ndipo ankakondwa kuti bokosi limodzi la zipolopolo limadyetsa mfuti ziwiri.

Bwanayo anali ndi bambo ake okalamba kwambiri. Akamapemphera pasimenti mawondo ankawapweteka, ndiye ankafuna chikopa cha mphoyo choti aziyala. Anauza amuna anga kuti akaphe mphoyo, chikopa abweretse, nyama yonse ikhale yathu, chifukwa iwo sadya nyama imene sanazinge anthu achipembedzo chawo.

Amuna anga anali atakhalapo msilikali. Anawoloka nyanja yaikulu, anabwerako ndi nsapato zolemera ndiponso mbiri yoti ankalasa chinthu chili kutali, chimene anzawo ankachiona ngati kadontho. Tsiku limene anabwera ndi mfutiyo, atakulunga m'chiguduli, anatenga chipolopolo chimodzi n'kuchiika pachikhatho.

"Ichi ndi chipolopolo kapena ndi nzama?" anatero akuseka. "Koma zilibe kanthu. Mfuti ndi mfuti."

M'nyumbamo tinkakhala ndi alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga. Ndiwo anawalera mayi awo atamwalira. Anabwera kutauni kudzaonetsa maso kuchipatala, maso anachira, iwo anatsalira. Madzulo a tsiku limenelo anandiitana kuseri kwa nyumba n'kundiuza malamulo a mkazi wa mlenje. Mwamuna akapita kutchire, mkazi sasesa m'nyumba mpaka abwere. Sadzola mafuta. Saseka ndi amuna. Akhale phee pakhomo pake. Akachita zina, nyama imadziwa. Imalasidwa koma siigwa, kapena imatembenukira mlenjeyo.

"Wamva, mlamu?"

"Ndamva."

"Kwanu sanakuuze zimenezi?"

"Kwathu kulibe alenje. Abambo amaluka mphasa."

"Ndiye wamva lero."

Tsiku lopuma pantchito linali Lamulungu lokha. Amuna anga ankamanga chigudulicho panjinga m'mawa n'kupita kutsidya kwa Lingadzi, kumene kulibe nyumba, kuli madambo ndi tchire basi. Alamu anga ankapita kutchalitchi, ndipo akatuluka ankayendera odwala ndi anzawo a mvano mpaka dzuwa litapendeka. Ine ndinkatsala ndekha ndi mwana, m'nyumba yosasesa.

Ulendo woyamba amuna anga anabwerako ndi chiguduli cha mfuti chokha. Anati mphoyo inaima pakati pa dambo, kutsidya kwa madzi, iwo anagona pachulu monga anaphunzitsidwira, anawombera, fumbi linabuka patsogolo pa nyamayo ndipo inathawa. Anaseka okha, akuti dzanja laiwala ntchito. Ulendo wachiwiri anakweza mfuti pang'ono. Mphoyo inadumpha, anapeza ubweya ndi timadontho ta magazi paudzu, koma nyama sanaione. Ulendo wotsatira anailasa mwendo. Anatsata magazi mpaka m'bango lalitali, madzi anafika m'chiuno, anabwerera. Tsiku limenelo sanaseke. Anakhala pakhonde n'kumavula nsapato zonyowa pang'onopang'ono.

Alamu anga anayang'ana nsapatozo, kenako anayang'ana ine.

"Achimwene, munthu amene munkalasa anthu kunkhondo, lero nyama yoimirira ikukukanikani?"

"Zimachitika, achemwali."

"Zimachitika kamodzi. Magazi akutuluka, nyama siikugwa. Pali amene akuidzutsa."

Sananditchule, koma panalibe mkazi wina pakhomopo.

Pafupi nafe pankakhala telala wina, mbeta ya mwamuna, amene masiku a ntchito ankasoka pakhonde la sitolo, Lamulungu n'kumasokera kunyumba kwake. Anali munthu wocheza ndi aliyense. Akandiona ndikuchokera kumpopi ankati, "Mwadzuka bwanji, mayi a kamfumu?" Ine ndinkayankha ndikuyang'ana pansi, monga ndimachitira ndi munthu aliyense kuyambira ndili mwana. Tsiku lina anasokera mwana wanga kachisoti ka nsalu zotsala, kofiira ndi kobiriwira, n'kundipatsa kwaulere podutsa. Ndinalandira ndi manja awiri. Sindinaganize kanthu.

Alamu anga anaganiza. Anayamba ndi kuyang'ana pansi kwangako. Anati munthu wopanda kanthu m'mtima amayang'ana mnzake kumaso. Atandiuza choncho ndinayesa kuwayang'ana kumaso, koma maso anga anatsika okha, ndipo iwo anati, "Mwaona?"

Amuna anga sanandikalipire. Sanandimenyepo chikwatiranireni. Anangoyamba kudya osalankhula. Tsiku lina m'mawa ananyamula mwana, anamuvula kachisotiko n'kukatembenuza m'manja.

"Anakupatsa chifukwa chiyani?"

"Ndi nsalu zotsala."

"Ana onse a pano ali nazo zisoti?"

"Ayi."

Anamuvekanso mwanayo bwinobwino, anamanga timikuzi pansi pa chibwano, n'kupita kuntchito.

Madzulo ake alamu anga ananena poyera, ife tonse tili pamphasa. Anati nyama ina ikalasidwa n'kuthawanso, atumiza mawu kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, adzandifunse pamaso pa anthu. Ine ndinkadziwa mathero a nkhani zotere. Mkazi wosadziwa kulankhula pabwalo sapambana. Ndikanabwerera kwa amayi anga ndi mwana kumsana, ndi dzina loti ndinayenda ndi telala wa kutauni, ndipo dzina lotere silichoka.

Pakati pa sabata imeneyo ndinapita kusitolo kukagula parafini. Amuna anga anali pakhomo, akutsitsa mabelo a nsalu m'lole. Bwana uja anali atatsamira kauntala, magalasi ali pamphumi. Sanandione, kapena anandiona koma analibe nane kanthu.

"Dalaivala, chikopa cha abambo chili kuti? Zipolopolo zikutha, chikopa palibe."

"Nyama zikuthawa, bwana."

"Ukuwombera uli pati?"

Amuna anga analoza mzikiti, umene unali kumapeto kwenikweni kwa msewu.

Bwanayo anatsitsa magalasi, anayang'ana kumzikiti, anaseka mpaka kutsokomola. "Iyi si mfuti ya boma ayi. Chipolopolo chake ndi cha kamfuti aka ka wakuba ali pakhomo. Chikayenda pang'ono chimatopa, chimagwa. Mzungu uja anandiuza kuti uyandikire mpaka uone nthata pakhutu pa nyama."

"Inu munayamba mwawomberapo, bwana?"

"Kamodzi. Chitini cha parafini, kuseri uku."

"Munachilasa?"

"Ayi."

Anyamata a m'sitolo anaseka, amuna anganso anaseka, nkhani inathera pomwepo. Anali atamva, koma anamva kwa munthu wogulitsa nsalu amene analephera chitini. Kunyumba sanawauze achemwali awo. Inenso sindinanene. Ndikanati ndinene, zikanaoneka ngati ndikudzipezera pothawira.

Ndinali ndi kadimba m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, kumunsi kwa mlatho, kamene anandibwereka mayi wina wa kumsika. Ndinabzalamo mbatata ndi nyemba. M'dimbamo munkabwera gwape. Ankatuluka m'tchire la m'mbali mwa mtsinje dzuwa likangotuluka, n'kumadya kholowa ine ndili pomwepo. Akaona mwamuna akudutsa ndi nkhwangwa ankathawa. Koma mkazi wowerama ndi khasu anali atamuzolowera. Ankadzutsa mutu, kundiyang'ana akutafuna, n'kupitiriza. Ndinkamuponya zibuma, ankasuntha pang'ono basi.

Zinanditengera masiku kuti ndinene. Ndinanena ndikuwathirira amuna anga madzi osamba m'bafa, nditawafulatira.

"Kudimba kumabwera gwape."

"Bwana akufuna mphoyo."

"Amaima pafupi. Ngati apo pali mtondopo."

Anayang'ana mtondo. Unali pafupi kwambiri, pamene nkhuku zinkatola madeya.

"Akandiona ine athawa," anatero.

"Amathawa amuna."

Analowa m'bafa, ndinamva madzi akukhavuka. Atatuluka anati, "Uli nacho chitenje china chakale?"

Lamulungu limenelo tinanyamuka tonse m'mawa, alamu anga akadali kukonzeka za kutchalitchi. Anafunsa kumene ndinkapita, amuna anga anati kudimba, iwo anangoti, "Oo." Titafika pamalo pobisika ndi nsenjere, amuna anga anavula nsapato, anapinda thalauza mpaka m'mawondo, anadzikulunga chitenje changa chakale cha maluwa ofufuma. Duku anayamba akana.

"Mutu wanu ukuoneka," ndinatero.

"Ukauza munthu zimenezi, ine ndi iwe tidzaonana."

"Ndiuza ndani?"

Ndinawamanga ndekha dukulo. Anawerama kuti ndifikire. Aka kanali koyamba kuti ndiwagwire kumutu masana.

Tinalowa m'dimba ngati akazi awiri. Ine ndinayamba kupalira mizere ya nyemba, iwo anagwada pambali panga, mfuti atagoneka m'khwawa la mzere, n'kumazula udzu ndi manja. Ankazula ndi nyemba zomwe, koma sindinawaletse. Mwana ndinamuchotsa kumsana n'kumuika kubere kuti asalire, khutu limodzi ndinalitsamiritsa pachifuwa panga, linalo ndinaliphimba ndi nsalu. Ndinkapalira ndi dzanja limodzi, kungoti khasu limveke.

Tinadikira mpaka mame anayamba kuuma pamasamba. Kutsidya kunkamveka belu la tchalitchi ndi lole ina ikukwera mtunda wa kuboma. Amuna anga ananong'ona kuti mawondo awo atha, ndipo sakudziwa kuti akazi timatha bwanji. Kenako tchire linagwedezeka ndipo gwape anatuluka. Anali wamphongo, wa tinyanga ngati zala za mwana. Anaima, anatiyang'ana tonse awiri nthawi yaitali kuposa masiku onse, mphuno ikunjenjemera. Ine ndinamenya khasu pansi monga mwa masiku onse. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kudya, akubwera chakuno.

Ndinamva amuna anga akupuma. Ankafuna kuwombera msanga, ndinaona dzanja likupita kumfuti n'kubwerera. Gwape anadumpha mzere umodzi, kenako wina. Ndinayamba kuona nsidze zake. Apo mfuti inadzuka pang'onopang'ono kuchokera pansi pa chitenje.

Kulira kwake sikunali kwakukulu monga ndinkaganizira. Kunali ngati thabwa lagwa pasimenti. Mwana anasiya bere, anandiyang'ana, n'kuyambanso kuyamwa. Gwape anagwa pomwepo pakati pa mbatata, anapalasa miyendo kangapo n'kukhala chete. M'kamwa mwake munali kholowa wosatafuna.

Amuna anga anaimirira, duku lili kumutu. Sanapite kunyamako msanga. Anayang'ana pamene anagwada, anayang'ana pamene panagona gwape, anabwerezanso.

"Apa ngakhale mwala ukanafika," anatero.

Anavula chitenje, anachipinda bwino n'kundipatsa. Pobwerera anamanga gwape pakaliyala, ine ndikuyenda pambuyo. Panjira analankhula zambiri, za mfuti ya kuusilikali, kutalika kwa chipolopolo chake, ndi mmene chimapitira molunjika ngati chingwe. Anati ataya masabata chifukwa chowombera mfuti iyi ngati ija. Ankalankhula ngati akuuza msilikali mnzawo. Ine mtima unali utatsika. Ndinkaganiza kuti nkhani yatha.

Alamu anga anatipeza tikusenda. Anakondwa, anawomba m'manja, anasankha okha chiwindi n'kuchiwotcha pamakala. Anadya, anapukuta zala pachitenje, kenako anati:

"Ndiye mwaona, achimwene."

"Ndaona chiyani?"

"Lero anali pamaso panu, nyama yagwa ndi chipolopolo chimodzi. Masiku onse aja anali kuno yekha."

Mpeni unaima m'manja mwa amuna anga.

"Achemwali, ndi mfutiyi. Siiponya patali. Lero ndawombera pafupi."

"Kale lija munati mfuti ndi mfuti. Yasintha liti?"

"Bwana ananena yekha."

"Mmwenye akudziwa chiyani za nyama? Mmwenye amadziwa mkono wa nsalu." Anatembenukira kwa ine. "Iwe mlamu, sukunena kanthu?"

Ndinafuna kunena kuti za gwape ndinanena ndine. Koma ndinaona kuti zimenezonso azitembenuza, adzati ndinadziwa kuti ndikakhalapo nyama igwa. Ndinangopitiriza kutsuka matumbo.

"Chabwino," anatero alamu anga. "Lamulungu likudzali mupite nokha kudambo kuja. Muyandikire mmene mukufunira. Uyu atsale pano, ine ndipita kutchalitchi. Ikagwa, ine ndine wabodza, ndidzapepesa ndi nkhuku. Ikathawa ndi magazi, ankhoswe abwere."

Amuna anga sanavomere, sanakanenso.

Chikopa anachikhomera pansi ndi tizikhomo, anachipaka phulusa ndi mchere. Chitauma anapita nacho kusitolo. Anandiuza kuti bwana anachitambasula pakauntala n'kufunsa ngati abambo ake azipemphera ndi bondo limodzi. Anachilandira, koma anati mphoyo ikufunikabe, ndipo anawonjezera zipolopolo zina m'thumba la malaya awo.

Ine ndinali nditaionapo mphoyo kwathu. Siidya m'dimba. Imaima pakati pa dambo, pamene palibe chobisalira, ndipo imaimba mluzu ikaona munthu ali kutali. Ndinkadziwa kuti munthu angayandikire bwino koma nyama n'kusuntha pa nthawi yowombera. Angailase pamalo abwino koma n'kulowabe m'bango. Ukwati wanga unali pa zinthu ngati zimenezo, mphepo ya kudambo ndi kutalika kwa udzu. Ndinalibe chochita, ndiye ndinkachapa, kuphika, ndi kupita kudimba, kumene kholowa anayamba kuphukanso. Kumpopi ndinkadzera njira yaitali kuti ndisadutse pakhomo pa telala.

Loweruka madzulo amuna anga anakhala pakhonde n'kupukuta mfuti ndi mafuta a makina. Anaipukuta nthawi yaitali, kuposa mmene inkafunikira. Ankakankha chitsulo chija n'kuchibweza mfuti ilibe kanthu. Mwana anali pamphasa pafupi nawo, akuyesa kugwira chiguduli. Nthawi ina amuna anga anandiyang'ana ngati akufuna kufunsa, ine ndinayang'ana pansi, ndipo anapitiriza kupukuta.

M'mawa mwake anamanga chiguduli panjinga n'kupita. Alamu anga anavala zoyera zawo, anaima pakhomo n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anapitanso. Ndinakhala pakhonde poonekera, pamene aliyense wodutsa akanandiona. Makina a telala ankamveka kuseri kwa mpanda. Sindinalowe m'nyumba ngakhale kukamwa madzi.

Dzuwa lisanafike pamutu ndinaona njinga ikubwera kuchokera kumasitolo, osati kunjira ya kudambo. Pakaliyala panalibe nyama, panalibenso chiguduli. Nsapato zawo zinali zouma. Anatsamiritsa njinga kukhoma, anatenga mwana pamiyendo panga n'kukhala pampando.

"Mfuti ndabweza," anatero. "Ndawauza bwana kuti chikopa agule kwa alenje amene amabwera kumsika."

"Anakwiya?"

"Pang'ono. Akuti msilikali wanji woopa mphoyo."

Alamu anga atabwera anayang'ana panjinga, anayang'ana kuseri kwa nyumba kumene tinasendera gwape, kenako anafunsa. Amuna anga anawauza mawu omwewo.

"Ndiye mlandu uja?"

"Mlandu wanji, achemwali? Lero palibe nyama yalasidwa, palibe nyama yathawa."

"Mwachita mantha."

"Mwina."

"Mukuopa kudziwa."

Amuna anga anayamba kuseweretsa mwana, kumukweza m'mwamba ndi kumutsitsa. Alamu anga analowa kukavula zoyera zawo.

Ankhoswe sanaitanidwe, chifukwa panalibe chatsopano chokawauza, ndipo mwini mkazi sanadandaule. Alamu anga sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere kuti apepesa. Anakhala nafe mpaka mvula yoyamba, kenako anabwerera kumudzi kukabzala. Timalandirana bwino akabwera. Amandibweretsera ufa wa mawere, ine ndimawagulira sopo. Sindikudziwa zimene anauza anthu kumudzi kwawo, koma akazi ena a kumeneko akabwera kuchipatala n'kugona kwathu amandiyang'anitsitsa tsiku loyamba.

Amuna anga sanagwirenso mfuti kuchokera nthawi imeneyo. Sindikudziwa ngati anaibweza chifukwa chondikhulupirira, kapena chifukwa ankaopa kuti nyama ikathawanso ayamba kukhulupirira achemwali awo. Mwina iwonso sadziwa. Sindinawafunse, ndipo sananenepo. Chaka chotsatira tinabereka mwana wachiwiri, wamkazi, ndipo tikukhalabe m'nyumba yomweyo kuseri kwa masitolo.